Za njinga zoyendetsa alendo kuzungulira Mkaika

Wapampando (Lusaka): Abale a ku Katete, mwaswera bwanji nonse. Nkhani tinaisiya panjira sabata yatha ija ndabwera nayonso. Ganizo n'lakuti titape m'thumba lathu tigule njinga zakapalasa 15, anyamata akwathu aziperekeza alendo m'midzi yozungulira Mkaika, kulikulu la Kalonga Gawa Undi. Anthu amasefukira kwathu Loweruka lomaliza la Ogasiti pa mwambo wa Kulamba, pofika Lolemba kuli zii. Miyezi inayo tilibe chowaitanira.

Msungichuma (Johannesburg): Ndalama zilipo, koma zogula njinga zatsopano ine ayi. Katete anasowapo liti njinga? Pamsika anyamata onyamula anthu pakaliyala ali mbwee. Ife tinakula ndi Eagle ya ku Luangwa Industries ku Chipata, yosenza matumba a makala osadandaula. Tikagula zathu azisunga ndani? Chubu chikaphulika, tcheni likaduka, foni izilira kuno kwa ine. Bola tizibwereka za anyamatawo, ndalama zizigwera m'manja mwawo.

Mlongo wa ku London: Achimwene, mlendo wolipira sangakwere njinga yoimitsa ndi chidendene. Koma zimenezo tikambirana. Ine changa ndi njira. Anzanga kuno akamva kuti Gule Wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la United Nations loona za chikhalidwe la UNESCO mu 2005 amafunsa kuti angamuone kuti. Tiike nyumba yachifumu poyambira, kenako zojambula zapamiyala ku Mkoma ndi ku Makwe, madzulo gule.

Mphunzitsi wopuma (Katete): Mwana wanga, "tiike nyumba yachifumu", woikayo ndani? Ku Mkaika si pokwerera basi. Mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amayenda mtunda wonsewo kudzalamba, ndipo akafika satulukira okha kwa Kalonga, amadzera kwa nduna. Ndiye mlendo wa kabudula wothina atsamiritse njinga pampanda n'kuyamba kujambula? Mwambo wa Kulamba unagona zaka zambirimbiri mpaka Gawa Undi Chivunga anaudzutsa mu 1984. Amene tinaona chaka chimenecho sititenga malo aja mwachibwana.

China chimene mwaiwala inu a kutauni: tinjira tachidule timene njinga imakonda n'timene timalambalala nkhalango za manda. Kumeneko n'kudambwe. Wosameta akasocherera uko pamakhala mlandu, ndipo mbuzi adzalipira ndi mnyamata wathu, mlendo atakwera kale ndege. Za gule wa madzulo ndiye musatchule n'komwe. Zilombo zimatuluka pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu. Sizituluka chifukwa alendo afika 4 koloko.

Mlongo wa ku London: Pepani aphunzitsi, pakamwa panathamanga. Nanga tikachotsa zonsezo chitsala n'chiyani choti munthu apalasire tsiku lonse?

Mphunzitsi wopuma (Katete): Chatsala chambiri. Phiri la Mphangwe silinachoke. Madimba a m'madambo, minda ya thonje ndi mtedza, nkhokwe, osula makasu, amayi oumba mbiya. Ndipo pansi pa mtengo pali nkhalamba zoti zimufotokozere mlendo za a Banda ndi a Phiri, ndi chifukwa chake kwathu ufumu umadzera kuchikazi, wolowa n'kukhala muphwa osati mwana wa mfumu. Zimenezo zokha n'zokwana kusiya nsima itazizira.

Mnyamata wa kabaza (Katete): Makolo, mundilole ndilankhuleko pakuti misewuyi ndimaiyenda tsiku lililonse. Kuyambira Disembala mpaka Malichi iwalani, matope amamata mateyala mpaka njinga umachita kuisenza. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Julayi, kozizira, fumbi lisanachuluke. Okutobala mlendo angakomoke ndi dzuwa. Za Mkoma ndi Makwe musalembe kaye papepala, tipite tikapalase tione ngati n'za tsiku limodzi. Malo amenewo ali m'manja mwa bungwe la boma losamalira malo a mbiri yakale la National Heritage Conservation Commission, nakonso n'kofunika kugogoda.

Msungichuma (Johannesburg): Mwamva? Uyu ndiye wodziwa njira, tinamuika kumapeto. Ndiye njinga zanu zili bwanji adzimwene?

Mnyamata wa kabaza (Katete): Zolimba zilipo, koma zambiri zifunika mabuleki ndi zishalo zatsopano. Magiya tilibe, pachitunda amatsika n'kukankha.

Mlongo wa ku London: Pamenepo ndiye ndikuumirirabe. Tigule zisanu zokha zamagiya za alendo achikulire, zotsalazo tibwereke.

Msungichuma (Johannesburg): Zisanuzo zizigona kwa yani?

Wapampando (Lusaka): Tisakanganirane chikopa nyama isanagwe. Aphunzitsi, mungatiyambireko kwa anyakwawa a midzi imene njira idzadutse, iwo ndiwo atiuze nduna yoyenera kuifikira ku Mkaika? Akakana zoyandikira kulikulu, njira tiikhotetsa.

Mphunzitsi wopuma (Katete): Ndipita Lachitatu, koma kwa mfumu sapita chimanjamanja. Amsungichuma, tumizani ya nkhuku ziwiri. Ndipo iwe mnyamata ubwere m'mawa udzanditenge, maondo angawa anasiya kalekale kupalasa.