Ndithandizeni: mwana wa mu fuleti ndimupatse chiweto chanji?

Mlembi, Yeoville:
Akuluakulu, ndathedwa nzeru. Ndikulemba kabuku ka mtsikana wa zaka 7 amene wangofika kumene kuno ku Johannesburg kuchokera ku Dedza. Mayi ake amalawirira kuntchito ku Sandton, iye akaweruka kusukulu amadzitsekera m'chipinda, Chizulu sachimva. Ndinamupatsa galu woti azimutonthoza. Nditawerengera ana a kutchalitchi kwathu, mmodzi anati, "Anti, kwathu salola agalu." Ananena zoona, ndipo nkhani yanga yafera pomwepo.

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, Rosettenville:
Achemwali, mphaka musayerekeze. Makolo ena akwathu akangomuona pachikuto aganiza za ufiti, bukulo silifika m'manja mwa mwana. Yesani nkhunda. Zili mbwee mu Joni muno ndipo sizidikira chilolezo cha mwini nyumba. Ndinali ndi kamnyamata kamene kanatha mwezi osatsegula pakamwa m'kalasi. Tsiku lina ndinakapeza pawindo kakunyenya mkute, kakuuza nkhunda yoduka chala mayina a mbuzi za agogo ake. Ndinaima kuseri kwa chitseko, misozi ikulengeza.

Wojambula zithunzi, Turffontein:
Nkhunda ndiye yake, amayi. Kumudzi khola lake limakhala pamwamba pa mitengo, ndiye ndijambula masamba awiri oyang'anana, uku khola la agogo ku Dedza, uku windo la pansanjika yachisanu. Pajatu akuluakulu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano. Ikabweranso m'mawa mwake, mwanayo mtima ukhala pansi. Chonde isayankhule ngati Kalulu wa m'nthano. Izingopendeketsa mutu n'kumamvetsera.

Mlembi:
Mwanditsegula maso. Koma zikundiwawa kutseka buku mwana ali ndi mbalame yokha basi.

Mphunzitsi:
Musamusiye choncho. Nkhundayo isowe tsiku limodzi, iye asuzumire kunja, aione ikudya pawindo loyandikana, pomwe pali mwana wina amene amaitchula dzina la Chizulu. Akanganirane kaye kuti ndi ya ndani, ubwenzi uyambire pamenepo. Mukamaliza kaikeni pa African Storybook, webusaiti ya mabuku a nthano za ana ya bungwe la Saide la konkuno ku Johannesburg. Kuwerenga ndi kwaulere ndipo amalola kumasulira, ndiye lituluka m'Chichewa ndi m'Chizulu momwe.

Mlembi:
Ndilembanso usiku uno. Achimwene, yambani ndi tsamba la khola. Aphunzitsi, Loweruka ndibwera nalo kuti tiwerengere ana anu lisanapite kwina.