Funso: tikabalalika pabwalo, malipenga ndi ng'oma zikusiyana. Tichite bwanji?

Wofunsa: Akuluakulu a pagulu pano, thandizeni. Gulu lathu la malipenga ndi ng'oma likuphunzira kuguba mopanga mizere ngati magulu opikisana m'bungwe la Drum Corps International ku America. Tikaima malo amodzi nyimbo imagwirana bwino, koma tikangobalalika pabwalo la mpira, akumbuyo amachedwa ndipo akutsogolo amathamanga. Vuto lili pati? Nanga mapazi timawayeza bwanji?

Bambo a Yamikani: Achimwene, musawakalipire anawo, vuto ndi mtunda. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Woimba amene ali mamita 30 kumbuyo akadikira kumva akutsogolo, mawuwo amamufika atachedwa kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, ndiye mawu ake ayenera kuyendanso mtunda womwewo kuti afike kwa owonerera. Kuchedwako kumawirikiza. Pa liwiro la kugunda ka 180 pa mphindi, ngakhale munthu wosadziwa nyimbo amamva kuti zasokonekera.

Lamulo lake ndi ili: amene ali kumbuyo kwenikweni asadalire makutu, aziyang'ana manja a drum major, wotsogolera gulu amene amaonetsa liwiro la nyimbo ndi manja. Amene ali kutsogolo kwawo amvere kumbuyo, makamaka kwa a ng'oma. Oimba marimba amene aima m'mphepete mwa bwalo kutsogolo ndiwo ayenera kusamala kwambiri, chifukwa manja a drum major ali pafupi ndi maso awo ndipo amakopeka kuwatsatira. Akatero amatsogola gulu lonse. Poyeserera ikani metronome, kachipangizo kogunda liwiro la nyimbo, pa sipika kumbuyo kwa gulu, osati kutsogolo, kuti makutu azolowere kumene nthawi ikuchokera.

Mayi a Tadala: Ndiwonjezere pa mapazi. Muyeso wodziwika ndi mapazi 8 pa mayadi 5, ndiye kuti phazi lililonse ndi mainchesi 22.5, pafupifupi masentimita 57. Bwalo la mpira wa ku America lili kale ndi mizere pa mayadi asanu alionse, koma lathu lilibe, choncho tengani chingwe ndi laimu mujambule nokha, mzere uliwonse mamita 4.57 kuchokera pa unzake. Powerenga mapazi, yambani ndi phazi lakumanzere pa 1. Pa 8, pakati pa phazi lakumanja pakhale pamzere.

Popita kutsogolo pondani ndi chidendene, zala zili m'mwamba, phazi ligudubuzike mpaka ku zala. Mukaponda ndi phazi lonse kamodzi, kugwedezekako kumafika pamlomo ndipo lipenga limanjenjemera. Pobwerera m'mbuyo zidendene zisakhudze pansi. A ng'oma popita cham'mbali amapingasa miyendo ngati nkhanu, chifukwa sangapotoze thupi ng'oma ili patsogolo. Aliyense akhalenso ndi kabuku kolembamo malo ake pa kaimidwe kalikonse ka gulu ndi chiwerengero cha mapazi okafikira pamenepo.

Che Lipenga: Zonsezi n'zoona, koma musatengere liwiro la magulu a ku America monga Blue Devils kapena Bluecoats amene mukuwaona pa YouTube. Amenewo amayeserera tsiku lonse kwa miyezi ingapo asanakafike ku mpikisano womaliza ku Lucas Oil Stadium, ku Indianapolis, mu Ogasiti. Yambirani pa 120, osaimba, mapazi okha. Kenako aziguba akuuzira mpweya m'malipenga popanda kutulutsa mawu. Nyimbo ibwere pomaliza.

Ine ndimakondabe magulu akale a malipenga a kiyi ya G, bungwe la Drum Corps International lisanalole a kiyi ya B-flat mu 2000, chifukwa mawu ake ankadzaza bwalo popanda zokuzira mawu. Komabe kusinthako kukukomerani inu, pakuti malipenga amene muli nawowo ndi omwenso magulu amenewo akugwiritsa ntchito lero.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nanga a ng'oma akapita kutsogolo, malipenga n'kutsalira kumbuyo?

Bambo a Yamikani: Udindo umasinthana. A malipenga ayang'ane manja, a ng'oma amvere kumbuyo. Pamenepa ndiye magulu ambiri amapasukira, ndiye bwerezani chigawo chimenecho pachokha, metronome ili kumbuyo kwa a malipengawo.