Makasitomala akubwera ndi ziphuphu pakhosi ndikawameta ndi lezala

Wometa wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi ndinagula kachitsulo komangira lezala kaja, kometa mbali zonse ziwiri, kuti ndevu ndizimetabe makina akakhala chete. Masaya akutuluka bwinobwino. Koma pansi pa chibwano ndi pakhosi, pakangopita masiku awiri kapena atatu munthu akubwera ali ziphuphu zokhazokha, zoyabwa. Wina wandinena pamaso pa anthu kuti lezala langa ndi lauve, chonsecho aliyense ndimamutsegulira latsopano iye akuona. Ndimagwiritsa ntchito Super-Max. Ndisinthe mtundu?

Wa ku Chilomoni:
Sinthani achimwene. Yesani Astra kapena Derby, ine sizinandivutepo.

Mdala wa ku Limbe:
Musathamangire kusitolo. Tiuzeni kaye: malo amodzi mumadutsapo kangati, lezala mumaliyendetsa kulowera kuti, ndipo dzanja linalo limakhala likuchita chiyani?

Wometa wa ku Area 25:
Katatu aMdala. Kutsika, cham'mbali, kenako kukwera kuti pasalale. Dzanja linalo ndimakoka nalo khungu. Madzi ndi apampopi, sopo ndimapaka ndi burashi.

Mdala wa ku Limbe:
Basi, nkhani ndi imeneyo, lezala lilibe mlandu. Ndevu zathu anthu akuda zimamera mopotana. Mukakoka khungu, tsitsi limatulukira kunja kuposa mmene limakhalira, inu n'kulidula. Mukasiya khungu lija, kotsalako kamabwerera mkati, kali ndi nsonga yakuthwa. Pomera kamapindika n'kubaya khungu, thupi n'kumalimbana nako. Chiphuphu ndi chimenecho. Mukayang'anitsitsa powala mudzaona katsitsi kopindika pakati pake.

Ndiye kumeta kokwera kuja kulekeni. Musanapake sopo, sisitani khosi la kasitomala ndi chala muone komwe ndevu zagonera. Pamasaya zambiri zimaloza pansi, koma pakhosi aliyense ndi zake: wina zimapita cham'mbali, wina zimakwera, wina zimazungulira pafupi ndi kholingo. Tsatani komwe zagonerako, kamodzi. Pakatsala, pakaninso thovu n'kudutsa kachiwiri momwemo. Pouma osadutsapo.

China, manja athu anazolowera makina, timakanikiza osadziwa. Kachitsuloko kali ndi kulemera kwakekwake, kasiyeni kadye kokha. Gonekani mutu wake pakhungu, tsitsani chogwirira pang'onopang'ono mpaka mumve lezala likuyamba kudula, penapake madigiri 30. Kokani pang'onopang'ono, mwachidulechidule, n'kumatsuka.

Wa ku Chilomoni:
Koma aMdala, mtundu wa lezala nawonso umawerengedwa. Si onse akuthwa mofanana.

Wometa ku Johannesburg:
Zoona sali ofanana. Feather ya ku Japan ndi yakuthwa kwambiri, kuno ambiri timangogwira Minora. Koma mukampatsa Feather munthu wokoka khungu n'kumeta mokwera, ziphuphu ziwonjezeka, ndi magazi omwe. Ine ndiwonjezere za madzi. Apampopi m'mawa wa June ku Lilongwe safewetsa ndevu. Wiritsani pambaula, thirani mu fulasiki, nyikani kathaulo, kakhale pankhope mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndevu zonyowa bwino lezala limangodutsa, silikoka.

Mayi wa saluni ku Zomba:
Pepani abambo, ndilowepo. Lezala latsopano ndi bwino, nanga kachitsulo komangirako, burashi ndi thaulo? Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala kamoyo masiku 7 m'magazi ouma pachitsulo. Masulani mutuwo mukatha munthu aliyense, tsukani ndi sopo, kenako nyikani m'madzi a Jik kapena muuwiritse. Kungowaza sipiliti pamwamba tsitsi ndi thovu zili mkati sikutsuka. Thaulo aliyense lake. Ndipo si chotupa chilichonse chomwe chili cha tsitsi lobwerera. Mukaona chozungulira, chotuwa m'mbali, tsitsi likuthothoka, chingakhale chipere. Chotuluka mafinya kapena chofalikira, musayikepo lumo, muuzeni apite kuchipatala.

Malezala otha aja muziponya m'chitini chotseka chobowola kakamwa pamwamba. Ana otola m'zinyalala amadzicheka nawo.

Wometa wa ku Area 25:
Ndamva mayi, zikomo. Vuto lina ndi eni ake. Amafuna posalala ngati botolo, akagwira n'kumva kukhakhala amati sindinamalize ntchito, ena amafuna kuchotsako ndalama.

Mdala wa ku Limbe:
Muuzeni asanakhale pampando: masaya ndisalaza, pakhosi ndisiyako pang'ono dala. Akamva musanayambe sakangana nanu. Amene ali kale ndi ziphuphu musamumete ndi lezala mpang'ono pomwe, mungodula mitu ya zilondazo. Asiye ndevu zikule milungu itatu kapena inayi, tsitsi lobisala lituluke lokha, asamalikolowole ndi singano. Magetsi akayaka mumudulire ndi makina, kusiyako pang'ono. Alipo ena khungu lawo silidzagwirizana ndi lezala ngakhale mumete mwaluso bwanji. Amenewo ndi a makina basi.

Wometa wa ku Area 25:
Fulasiki ndili nayo kunyumba, mawa ndibwera nayo. Uja anandinena uja ndimuyitana Loweruka ndione ngati muli titsitsi topindika. Mayi a ku Zomba, Jik mumasungunula bwanji kuti chitsulo chisachite dzimbiri?

Mayi wa saluni ku Zomba:
Muyezo umodzi wa Jik, isanu ndi inayi ya madzi, mphindi 10 zokha. Mukavuula tsukuluzani ndi madzi oyera n'kupukuta chiume. Chimachita dzimbiri ndi chogonamo. Madziwo muzisungunula atsopano tsiku lililonse.