Kodi ofesi ya za antchito kubanki ingachite chiyani pa nkhani ya chilengedwe?

Wa ku Limbe: Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa banki ina kuno ku Blantyre, ndipo akuluakulu atiuza kuti kusamalira chilengedwe kulowe m'fomu younikira kagwiridwe ka ntchito ka munthu aliyense. Mpaka pano chimene timachita n'kubzala mitengo nyengo yake ikatsegulidwa mu Disembala, titavala malaya a banki, koma palibe amene amabwererako kukaona ngati mbandezo zinagwira. Anzanga, kwanuko mumayang'ana chiyani pa wantchito?

Mayi wa ku Mzuzu: Ife tinayambira pa dizilo. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo jenereta ya nthambi yathu inkangolira tsiku lonse. Kuchokera pamenepo manijala amafunsidwa za mafuta, magetsi ndi mapepala, monga momwe amafunsidwira za phindu. Koma chimene antchito anachilandira ndi manja awiri ndi ngongole yachiwongoladzanja chochepa yogulira mbaula ya gasi, chifukwa kunena zoona, ambirife tikaweruka timakaphikira makala, ndipo mitengo ikatha m'mapiri dothi lake limakathera mu Shire, ku Nkula ndi ku Tedzani komwe magetsi athu amachokera.

Wa zangongole: Mayi mwanena bwino, komabe mapepala ndi dizilo n'zazing'ono poyerekeza ndi kumene ndalama za banki zimapita. Ine bonasi yanga imatengera kuchuluka kwa ngongole zimene ndapereka, choncho woumba njerwa zootcha ndi nkhuni akabwera ali ndi chikole chabwino, palibe chondiletsa kumuvomereza. Mfundo za Equator Principles, zomwe mabanki ena padziko lonse amatsatira poona mmene ngongole zawo zikukhudzira chilengedwe, zinayamba mu 2003 koma zimaunika ntchito zikuluzikulu zokha, pomwe makasitomala athu ambiri ndi amabizinesi ang'onoang'ono. Ngati mukufuna kuti tisinthe, tiphunzitseni kufunsa kasitomala kumene akutenga nkhuni ndi kumene akutaya madzi oipa, ndipo amene wakana ngongole pa chifukwa chotere asamadulidwe mamalikisi.

Wa ku Limbe: Zikomo nonse. Za bonasizo zivuta, chifukwa si ofesi yathu yokha imene imaika malamulo ake, koma ndikaitula nkhaniyi kwa mkulu wa zangongole fomu isanasindikizidwe. Mayi, ngongole ya gasiyo amadula pa malipiro kwa miyezi ingati?