Ma div andichulukira pa tsamba, ndiwachotse onse?

mwana_wa_alto: Moni nonse. Ndikupanga webusayiti ya kwaya yathu ndi Bootstrap (code yokonzedwa kale yothandiza kuyala tsamba), ndiye mnzanga wina atasuzumira code yanga wati ma div (ma tag a HTML okutira zinthu pa tsamba) achuluka zedi, div ya container mkati mwake ya row mkatinso ya col kenako ina ya card, akuti ndizigwiritsa section ndi article. Dzulo ndachezera kusintha div iliyonse kukhala section koma pa skirini palibe chasintha olo pang'ono. Ndikulakwitsa pati abale?

kachingwe88: Imani kaye achimwene musasinthe zonse. div ilibe tanthauzo lililonse ndipo ntchito yake ndi yomweyo, kumanga zinthu pamodzi kuti CSS (code yokongoletsa tsamba) ipeze pogwira. Row ndi col zija zisiyeni zikhale div. section ndi gawo lokhala ndi mutu wake, ngati simungaliikire h2 (tag ya mutu) ndiye kuti si section imeneyo. Menyu ikhale mu nav, nkhani yeniyeni ya tsambalo mu main, ndipo main imakhala imodzi basi. Ma tag amenewa anabwera ndi HTML5 imene bungwe la W3C, loika miyezo ya mawebusayiti, linavomereza mu 2014, pa skirini simuona kusiyana chifukwa onse amakhala ngati div, amene amamva kusiyanako ndi mapulogalamu owerengera anthu osaona.

nachisale_web: Ine izi ndinaziphunzira mowawa. Ndinapanga fomu yolembetsera, batani lotumizira ndinangoika div ya onclick nkuipaka utoto bwinobwino, ndiye msuweni wanga amene saona amagwiritsa NVDA, pulogalamu yomuwerengera za pa skirini, pa laputopu ndinamupempha ayese ndili pambali pake. Anadzaza dzina, nambala, akudina Tab batani lija nkulidumpha ngati kulibe, anabwerera kanayi konse akufunsa kuti kodi potumizira ndi pati. Zinandikhudza kwambiri. Ndikanaika button ikanafikika ndi Tab nkumamva Enter ndi Space payokha, pomwe div imafuna tabindex, role ndi JavaScript yapadera. Anandionetsanso kuti akadina H amalumpha mutu ndi mutu, akadina D amachoka pa nav kupita pa main, tsamba la ma div okhaokha zonsezi sizigwira.

kachingwe88: Eya ndendende. Chinanso, class mutha kuiika pa tag ya tanthauzo yomweyo, main class="container" imagwira bwino, div imodzi yachoka pamenepo. Komanso CSS grid, njira yoyalira zinthu m'mizere, ilipo mu Chrome ndi Firefox kuyambira 2017, simufunikanso kukutira kawiri katatu. Koma mkati mwa ul (tag ya mndandanda) musaike div mwachindunji, muyambe li (chinthu chimodzi cha pa mndandandawo) kenako div mkati mwa li mo.

mwana_wa_alto: Zikomo kwambiri nonse. Row ndi col ndazibweza kukhala div, menyu ndaiika mu nav, ma card a nyimbo iliyonse ndawapanga article poti iliyonse ili ndi mutu ndi mawu ake. Batani la play nalonso linali div anthuni, ndikulikonza pompano kenako ndiyese ndi TalkBack, pulogalamu ngati NVDA ya pa foni ya Android.