Achimwene ali m'ndende ya county ku Indiana, tiyambire pati?

Abale amene mukukhala ku America, tithandizeniko nzeru. Achimwene anga anamangidwa ku Indiana ndipo akusungidwa m'ndende ya county (dera lokhala ngati boma kapena kuti disitirikiti kwathu kuno) podikira mlandu. Ndamva kuti ndende zoterezi amayendetsa ndi a sheriff (mkulu wa apolisi a county), ndipo ambiri mmenemo sanaweruzidwe n'komwe, ena akugwira ukaidi wosapitirira chaka chimodzi.

Chikundisowetsa tulo ndi mankhwala awo a BP. Kwathu kuno tikanangowapititsira limodzi ndi nsima, koma kumeneko chakudya chochokera kunja sichilowa, ndipo mankhwala amagawa ndi namwino wa m'ndendemo. Tilankhule ndi ndani kuti asamawadumphitse? Loya amene boma limapereka kwa omangidwa angathandizepo pa zimenezi?

Achimwenewo akudandaulanso kuzizira ndi njala ya usiku, poti mgonero amadya dzuwa likadalipo. Akuti tiwaikire ndalama pa akaunti ya commissary (kasitolo ka m'ndendemo) kuti agule sopo, masokosi ndi tomwera tiyi. Ine ndili ku Lilongwe, ndingatumize bwanji? Foni nayo ndi yodula, ndiponso amajambula zonse, ndiye za mlandu sitikambako.

Za belo ndiye tili ndi mantha. Visa yawo inatha. Tikalipira, a ICE (apolisi oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko la America) sangawatengere pakhomo pa ndende pomwepo?