Nyumba ya agogo ku Kamuzu Road

Malume: Ndanena kale. Nyumba ya malemu bambo alowemo pa lendi munthu wachikulire, zaka 50 kupita m'mwamba. Achinyamata ayi.

Azakhali Chipoka: Mwadzuka bwanji nonse. Za wolowamo zidikire kaye, chipinda chakumapeto chikudontha ndipo mvula ili pafupi. Tinapangana K60,000 aliyense ya malata. Atumiza ndi atatu okha.

Achemwali Lilongwe: Malume, zoti achinyamata ayizo mukufuna tilembe pachikwangwani? Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho. Limatchula mtundu, chipembedzo, chilankhulo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi. Zaka silizitchula, koma limatsekera ndi mawu okhudza mkhalidwe wina uliwonse wa munthu. Wina wodziwa zinthu akhoza kutigwirira pamenepo.

Malume: Nyumba ndi yathu. Si ya boma.

Msuweni America: Kuno kawirikawiri mwini nyumba sangakane banja chifukwa lili ndi ana. Amaloleza pa nyumba zokonzera okalamba: onse okhalamo akhale a zaka 62 kupita m'mwamba, kapena nyumba 80 pa 100 zilizonse zikhale ndi munthu wa zaka 55 kupita m'mwamba. Koma limenelo ndi lamulo la kuno, ku Salima siligwira.

Azakhali Chipoka: Zikomo mwanawe. Nanga yako ya malata ija unadutsitsira kwa ndani? Sindinaionebe.

Msuweni America: Lachisanu azakhali 🙏

Mng'ono Senga Bay: Chaka chilinso ndi Lachisanu zambiri.

Malume: Iwe ndiye ukhale chete. Amene anasiya ngongole yamadzi ndi chitseko chothyoka anabwera ndi ndani?

Mng'ono Senga Bay: Tayambanso.

Mayi aang'ono: Ana inu, amene akubwera ku ukwati wa Loweruka anditengereko usipa wouma, kuno wakwera mtengo zedi.

Achemwali Lilongwe: Ndimva kwa alamu anu mayi. Malume, chimene chinatipweteka ulendo uja si zaka za munthu. Panalibe pepala lililonse. Ulendo uno tilembe mgwirizano: lendi ya miyezi itatu patsogolo, ndalama yachikole ya zowonongeka, madzi ndi magetsi adzilipirira yekha. Wokwanitsa zimenezi alowe, kaya ndi namwino wa zaka 26 kaya ndi wopuma pantchito.

Malume: Wachikulire. Alipo kale mphunzitsi wopuma, munthu waulemu wake, wopemphera.

Azakhali Chipoka: Achimwene, mphunzitsi ameneyu si uja wa kuchikazi kwanu?

Malume: Ndiye chalakwika n'chiyani?

Azakhali Chipoka: Palibe. Ndimangofunsa kuti miyezi itatuyo tidzakamuuza ndani.

Mng'ono Senga Bay: 😂😂

Malume: Ine pomanga nyumbayi ndinaumba nawo njerwa. Ena munali musanabadwe. Wachikulire basi.

Mng'ono Senga Bay watuluka pagulu.

Mayi aang'ono: Mubwezereni mwanayo, ndi amene akanditengere usipa.

Achemwali Lilongwe: Achimwene aku Mzuzu akuwerenga zonsezi koma ali zii kuyambira mwezi watha.

Azakhali Chipoka: Mmisiri akuti akafika Lolemba, koma osaona malata sakwera padenga. Nambala ya Mpamba ndi yomwe ija. Achimwene oumba njerwa inu, pa atatu atumiza aja mulibepo.